Tafunsani Ankolo: za PAYE, ndalama zobweza ndi kalata ya oditi

Mwezi uno thumba la makalata ladzaza ndi nkhani imodzi yokhayokha, msonkho. Kaya ndi chifukwa choti Seputembala, nthawi yomwe ambiri amapereka mafomu a msonkho a pachaka, wayandikira kaya ndi kuwawa kwa peyisilipi, koma mauthenga ochokera ku Thyolo ndi Mulanje okha akanatha kudzaza magazini yonse, nde ndangotolapo ochepa. Ena ndawadulako poti anthu ena mumalemba moni yekha ndime ziwiri, mpaka kundifunsa za mvula ndi ana omwe. Ana ali bwino, zikomo. Mayina ndachotsa monga mwa masiku onse.

FUNSO: Ankolo, ine ndimagwira ya sizoni pa esiteti ina kuno ku Thyolo, ndine kalaliki wa pasikelo, amatilemba masamba akachuluka nthawi ya mvula nkutiimitsa kukangoyamba kuzizira. Sizoni ya 2024 kulowa 2025 ndinagwira miyezi isanu, Novembala mpaka Malichi, ndinkalandira K230,000 pamwezi koma mwezi ndi mwezi amandidula K20,000 ati ndi PAYE. Mnzanga wina akuti ndalama imeneyo ndikhoza kukaitenganso, ine ndikuona ngati akungondisewera poti boma likatenga latenga basi. Zoona zake ndi ziti?
Kalaliki, Makwasa

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo mumugulire fanta, sakukusewerani ayi.

Mawu oti boma likatenga latengawo sindikudabwa nawo, makamaka akuchokera ku Thyolo. Azigogo athu anaona msonkho wa nyumba nthawi ya atsamunda, anaona thangata pa maesiteti omwewa, munthu kugwira ntchito miyezi kuti alipire malo omwe wamangapo kanyumba kake, ndipo palibe tsiku lomwe wina anabwera pakhomo nkuti pepani agogo tinakudulani mopyola nayi chenje. Nde mantha amenewo tinayamwira. Koma msonkho wa lero uli ndi masamu ake, ndipo masamuwo nthawi zina amagwera mbali yanu.

Nkhani yake ili chonchi. Msonkho wa pa zomwe munthu wapeza amauwerengera pa chaka, osati pa mwezi. PAYE ndi njira chabe yotolera pang'onopang'ono, abwana amadula pa malipiro nkukapereka ku MRA, bungwe lotolera misonkho, pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo podulapo amaganiza ngati mulandira ndalama yomweyo miyezi yonse 12. Chaka chomwe mukunenacho, kuyambira 1 Epulo 2024, bajeti ya nduna Simplex Chithyola Banda inakweza ndalama yosadulidwa msonkho kuchoka pa K100,000 kufika pa K150,000 pamwezi, ndipo yapamwamba pake mpaka K500,000 imadulidwa 25 peresenti. Nde inu pa K230,000, chotsani K150,000 kutsala K80,000, kota yake ndi K20,000. Apa a kuofesi ya malipiro sanakubereni olo tambala, anadula ndendende.

Koma tiyeni tiwerengere pa chaka tsopano. K150,000 kuchulukitsa ka 12 ndi K1,800,000, imeneyo ndiye ndalama yomwe munthu amayenera kupeza pachaka chimenecho osakhudzidwa. Inu miyezi isanu munapeza K1,150,000 yokha. Simunafikepo pamzere. Ndiye kuti ngati panalibe kwina komwe mumapezako ndalama chaka chimenecho, msonkho wanu weniweni unali ziro, ndipo K100,000 yomwe inadulidwa ija ndi yopyola. Ndanena kuti ngati panalibe kwina, mumve bwino pamenepo, chifukwa ngati miyezi inayo munali pa ntchito ina ku Limbe kapena mumagulitsa nthochi zambiri ndithu, zonsezo zimaphatikizidwa mumphika umodzi ndipo masamu asintha. Komanso mwachita mwayi kuti miyezi yanu yonse yagwera m'chaka chimodzi cha boma, poti kuyambira 2022 chaka cha boma chimayamba 1 Epulo nkutha 31 Malichi, kale chinkayamba Julayi. Mukanapitirira mpaka Meyi, Epulo ndi Meyiyo akanapita ku chaka china.

Ndalamayo siyibwera yokha ngati mvula ya chiperoni, muyenera kuitsata. Mukhale ndi TPIN yanuyanu, nambala ya wokhoma msonkho, amafuna chitupa cha unzika ndipo kulembetsa kwake ndi kwaulere, wina asakuuzeni kuti mumupatse ya sopo. Kenako mupite kuofesi ya malipiro pa esitetipo mukapemphe P9, ndi pepala losonyeza zonse zomwe munalandira ndi zomwe anadula chaka chimenecho, ndi udindo wawo kukupatsani, sikuti akukuchitirani chifundo. Mukatero mudzaze return, fomu yonenera zomwe mwapeza pachaka, pa Msonkho Online, tsamba la MRA la pa intaneti, kapena mupite ku ofesi ya MRA akakuthandizeni, nkupempha kuti yopyolayo akubwezereni ku akaunti ya kubanki ya dzina lanu. Ya akazi anu kapena ya mlamu wanu ayi.

Langizo langa la pambali, muyambe mwawerengera thiransipoti. Pa K100,000 mpake kuvutikira. Koma wina amene anadulidwa K6,000 chaka chonse, akwere minibasi kawiri katatu kupita ku Blantyre, adye chipisi panjira, aona kuti wagula mbewa ndi mtengo wa mbuzi. Ndipo musagonepo, ndalama yosungitsa ku boma siyibereka, mukukumbuka Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi. Ma 5 peresenti a penshoni omwe mwina mumawaonanso pa peyisilipi musawaphatikize apa, amenewo si msonkho, ndi anu omwe akukudikirani kutsogolo. Ndipo manambala ndatchulawa ndi a chaka chomwe mwafunsacho, amasintha ndi bajeti, nde chaka chilichonse chiziwerengedwa ndi manambala ake.

FUNSO: Zikomo Ankolo chifukwa cha tsamba lino. Ine ndine mayi wa geni, ndimasapulaya nyemba, mazira, kabichi ndi chinanazi ku sukulu ina yogonera konko ndi malo ogona alendo awiri kuno ku Mulanje. Vuto ndi loti akamandilipira ndalama siyikwana, pa invoisi ya K1,000,000 amandipatsa K970,000, ndikafunsa akuti ndi withholding tax. Chaka chatha ndinasapulaya za K18 miliyoni nde tangoganizani zomwe zinapita. Kodi si kuba kumeneku? TPIN ndili nayo koma sindinapangepo chilichonse chiitengereni, ndinangotengera kuti andipatse oda.
Mayi wa geni, Chitakale

YANKHO: Mayi, kuba si kuba, koma kukhoza kusanduka kuba ngati inuyo mupitiriza kugona.

Lamulo limauza mabungwe ndi makampani ena kuti akamalipira munthu wowagulitsa katundu azidula 3 peresenti nkukapereka ku MRA m'dzina la munthuyo. Mitengo yake imasiyana malinga ndi ntchito, omanga nyumba ali ndi wawo, onyamula katundu ali ndi wawo, olandira lendi ali ndi wawo. Ndalama imeneyi ili ngati chikole, mwalipiriratu msonkho wanu wa pachaka musanadziwe nkomwe kuti ukhala zingati. Pa K18 miliyoni, ndiye kuti K540,000 ili kale ku boma, ikudikira kuti mwini wake abwere ndi masamu.

Tiyerekeze limodzi, manambala a phinduwa ndangopeka kuti muone njira. Mwagulitsa za K18 miliyoni, koma nyembazo munakapikula ku Limbuli, kabichi ku Bvumbwe, munalipira matola, munalipira anyamata okweza ndi kutsitsa, mathireyi a mazira, matumba, mayunitsi oimbira makasitomala. Tinene kuti zonsezo zinadya K14,800,000, phindu lenileni nkutsala K3,200,000. Msonkho amadula pa phindu, osati pa zogulitsa zonse. Tingoyerekeza ndi manambala a PAYE a chaka cha 2024/25 omwe ndauza achimwene a ku Makwasa aja, a bizinesi enieniwo mukawatsimikize ku MRA, K1,800,000 yoyamba ilibe msonkho, yotsala K1,400,000 pa 25 peresenti ndi K350,000. Inu munalipira kale K540,000. Nde boma ndi lomwe lili ndi ngongole yanu ya K190,000. Mwaona? Zikanakhala kuti phindu linali lalikulu, bwenzi mukungowonjezera kapamwamba, osayambira pa ziro.

Tsono apa ndi pomwe amayi ambiri a geni mumagwera. Aliyense amene wakudulani ayenera kukupatsani satifiketi ya withholding tax, yolembedwa dzina lanu ndi TPIN yanu, tsiku, ndalama yonse ndi yomwe yadulidwa. Popanda pepala limenelo mulibe mboni. Ndipo ndinene mosapsatira, alipo ma akauntanti ena osaopa Mulungu amene amadula 3 peresentiyo koma osakaipereka, imathera m'thumba, podziwa kuti mayi wa kabichi sadzafunsa. Sindikunena kuti a kusukulu kwanuko ndi otero, sindikuwadziwa, koma njira yodziwira ndi imodzi, kupempha satifiketi nthawi iliyonse yomwe mwalandira cheke, ndiponso kuyang'ana pa akaunti yanu ya Msonkho Online ngati ndalamazo zikuoneka pa dzina lanu. Akayamba kuti bwerani mawa, abwana kulibe, makina afa, mwezi ndi mwezi, mudziwe kuti pali utsi.

Mawa lomwe mupite ndi buku la ma invoisi anu, mukhale pansi ndi a bursar, muwerengetsane invoisi imodziimodzi, akupatseni masatifiketi onse a m'mbuyo. Mupite mwaulemu, ndi makasitomala anu, koma osachoka chimanjamanja.

China chomwe chandidetsa nkhawa m'kalata mwanu ndi choti chiitengereni TPIN simunapangepo kanthu. TPIN si chitupa chongopezera oda, ukangolembetsa walowa m'kaundula, ndipo chaka chilichonse uyenera kupereka return pasanathe masiku 180 chaka chako cha bizinesi chitatha. Kwa amene chaka chawo chimatha 31 Malichi ndiye kuti chakumapeto kwa Seputembala. Kuchedwa kuli ndi chilango chake. Nde musadabwe mukapita kukapempha K190,000 ija iwo nkuyamba akufunsani za zaka zam'mbuyozo, ndipo ngati pali ngongole amayamba achotsa kaye yawo nkukupatsani yotsala. Komabe bola kupita nokha kusiyana ndi kudikira akupezeni. Mukakonza mbiri yanu nkumayenda bwino zaka zingapo, mukhoza kudzapempha satifiketi yoti asamakuduleninso withholding tax, muzilandira K1,000,000 yanu yathunthu nkumalipira nokha msonkho wa miyezi itatu itatu, koma imeneyo amapatsa okhawo omwe mabuku awo ndi oyera.

FUNSO: Ankolo ndili ndi golosale ndi chigayo pa Luchenza. Mwana wanga amene ali ku koleji akuti pali zinthu zomwe ndikhoza kuchotsera kuti msonkho uchepe. Nde ndafuna ndidziwe ngati fizi ya ana atatu, chakhumi cha kutchalitchi, ndi ndalama zomwe ndinawononga pa maliro a malume anga zingalowe, poti zonsezo zinachoka mu kabati ya golosale momwemo. Komanso ndinagula injini yatsopano ya chigayo ndi ka pikapu.
Bambo wa chigayo, Luchenza

YANKHO: Pepani ndi maliro bambo. Koma fizi, chakhumi ndi bokosi la malume, zonsezo ayi.

Muyezo wake ndi umodzi, kodi ndalamayi inatuluka kuti bizinesi ipange ndalama? Magetsi a ESCOM a kuchigayo, inde. Dizilo, malamba, masefa, nyundo za chigayo zikatha, malipiro a mnyamata wa pachigayo ndi mtsikana wa mu golosale, lendi ya sitolo, laisensi ya ku khonsolo, thiransipoti yokapikulira katundu ku Limbe, chiwongoladzanja cha ngongole yomwe munatengera bizinesiyo, zonsezi zimachotsedwa musanawerengere phindu. Koma fizi ya mwana ndi yanu monga bambo, osati ya chigayo. Zoti ndalamayo inachoka mu kabati ya golosale sizisintha kanthu, kumeneko kumatchedwa kuti mwini wake watapa, ndipo kutapa si kuwononga kwa bizinesi.

Ndikudziwa zimapweteka, chifukwa kwathu kuno munthu ukakhala ndi chigayo ndiwe banki ya mbumba yonse, maliro ndi ako, odwala ndi ako, mwana wa mlongo wako akakhoza mayeso ndi wakonso, ndipo lamulo la msonkho silidziwa kuti kuli umalume. Ine ndemwe ndimaona kuti pamenepa lamulo ndi louma mtima, koma ndi mmene lilili, ndikakunamizani mudzalira pa oditi.

Injini ndi pikapu ndi nkhani ina. Zimenezo ndi katundu wokhalitsa, nde simuchotsa mtengo wonse chaka chimodzi ngati mmene muchitira ndi dizilo, amakulolani kuchotsa gawo chaka ndi chaka, amati capital allowances. Sungani risiti yogulira, bluebook, ndi mapepala a kasitomu ngati zinachokera kunja. Pikapuyo ngati Lolemba mpaka Lachisanu imanyamula katundu wa golosale koma Loweruka ikupita ku ukwati ku Thekerani ndipo mu Okutobala yanyamula mbumba yonse kupita ku Mulhako pa Chonde, mafuta ake muwagawe, a bizinesi okha ndi omwe alowe. Kabuku kakang'ono mu galimotomo kolemba ulendo ndi makilomita kamathetsa mkangano wonse.

Ndiye pali vuto la risiti. Ku ma holoselo aku Limbe muziumirira risiti ya makina ija yotuluka ndi nambala ya wogulitsa, osalola kapepala kolemba pamanja koti akuchotserani pang'ono. Kuchotserako kumakoma tsiku lomwelo koma mwataya umboni wa katundu wa mamiliyoni. Zogula kwa alimi omwe alibe risiti, monga chimanga kapena nandolo, khalani ndi buku lanu, tsiku, dzina, mudzi, makilo, mtengo, asayine kapena adinde chala. Ndipo katundu wolowa madzulo panjinga kuchokera ku Milange osadzera pa Muloza, ameneyo musayembekeze kuti mudzamulemba m'buku la zochotsera, mukhala mukudzinenera nokha mlandu wina.

Mwana wanu wa ku kolejiyo mumugwiritse ntchito pa holide, akutsegulireni mabuku awiri, la golosale ndi la chigayo, ndipo inu muzidzilipira malipiro okhazikika pamwezi mmalo motapa mu kabati nthawi iliyonse yomwe mlendo wafika.

FUNSO: Ankolo thandizeni sindikugona. Ndili ndi hadiweya yaing'ono pa boma pano. Sabata yatha ndalandira kalata yoti a msonkho abwera kudzapanga oditi ya zaka zitatu, akufuna mabuku, masitetimenti a kubanki ndi marisiti. Mabuku ena ndili nawo koma ena ananyowa nthawi ya namondwe Freddy. Ndiye dzana wina wandiimbira foni akuti ndi wa ku ofesi yomweyo, akuti ndikamutumizira K400,000 pa foni fayilo yanga aisowetsa. Nditumize? Kapena ndingotseka shopu ndithawire kwa achimwene ku Joni?
Wosagona tulo, Mulanje boma

YANKHO: Musatumize, ndipo ku Joni musapite. Khalani pansi, imwani tiyi, timvane.

Tiyambe ndi wa foniyo. Ameneyo mwina ndi tsotsi wamba amene wamva mphekesera kuti mwalandira kalata, pa boma nkhani siyichedwa kuyenda, ndipo mukatumiza mawa nambalayo izikhala yosapezeka. Olo atakhala kuti ndi wogwira ntchito weniweni, fayilo ya masiku ano ili mu kompyuta, siyisowa ngati kale, nde mudzapezeka mwataya K400,000, oditi ili pomwepo, ndipo pamwamba pake mwapalamula mlandu wa ziphuphu poti lamulo limagwira wolandira ndi wopereka yemwe. Msonkho sulipiridwa m'manja mwa munthu kapena pa nambala ya munthu. Umalipiridwa ku akaunti ya MRA kudzera ku banki kapena njira zomwe iwo anakhazikitsa, ndi nambala yolipirira yomwe imatuluka pa Msonkho Online, ndipo umalandira risiti ya dzina lako. Sungani nambala yomwe inakuimbiraniyo ndi mauthenga ake, mukanene ku MRA komweko kapena ku ACB, bungwe lothana ndi ziphuphu. Kalatayonso muitsimikize, pitani nayo ku ofesi kapena imbani ku likulu lawo ku Msonkho House ku Blantyre mufunse ngati ndi yawodi ndi mayina a omwe atumidwa. Akabwera muwapemphe zitupa zawo za ntchito, si mwano umenewo.

Tsopano oditi yeniyeniyo. Anthu amaimva ngati kumangidwa, pomwe ndi kufananiza chabe, zomwe munalemba pa return ndi zomwe zinachitikadi. Kusankhidwa sikutanthauza kuti wina wakunenerani, pena ndi chifukwa choti manambala anu sakugwirizana ndi omwe ena anapereka. Mwachitsanzo kontirakitala wagula simenti kwa inu nkulemba kwawo kuti anakulipirani K6 miliyoni ndipo anadula withholding tax, koma pa return yanu chaka chonse mwalemba kuti munagulitsa za K5 miliyoni, apo kompyuta imakuwa yokha. Pena ndi chifukwa choti mwapempha kubwezeredwa ndalama, sabweza asanaone. Pena ndi ulendo wawo basi wafika pa mahadiweya.

Chomwe amayang'ana kwambiri ndi ndalama zolowa. Atenga sitetimenti ya kubanki, aphatikiza zonse zomwe zinalowa, afunsanso za Airtel Money ndi Mpamba ngati makasitomala amalipirira pamenepo, nkufananiza ndi zogulitsa zomwe munanena. Apa ndi pomwe anthu osakaniza akaunti amalirira. Achimwene anu a ku Joni aja akamatumiza ndalama yomangira nyumba yawo kudzera mu akaunti ya shopu, wa oditi aiona ngati malonda pokhapokha muonetse kuti si malonda. Nde sabata ino khalani ndi sitetimenti ndi pensulo, ndalama iliyonse yolowa yomwe si ya malonda muilembe pambali kuti inachokera kuti, ngongole ya banki mkhonde, ya chipeleganyu, ya achimwene, ndipo mupeze umboni wake, olo mauthenga a pa WhatsApp ndi timapepala totumizira ndalama.

Za mabuku onyowa, Freddy wa mu Malichi 2023 palibe amene angamukane kuno ku Mulanje, tonse tinaona zomwe madzi ochokera m'phiri anachita. Koma musangoti ananyowa nkukhala chete, chifukwa popanda mabuku lamulo limawalola kungoyerekeza okha kuti munapeza zingati, ndipo kuyerekeza kwa wa msonkho sikugwera mbali ya wamalonda. Manganinso zomwe mungathe. Banki ikupatsani masitetimenti akale mukalipira kangachepe. Ma holoselo omwe mumagulako simenti ndi malata ali ndi makope a ma invoisi anu, apempheni. Mabuku onyowawo osataya, olo atamatana, abweretseni awaone ndi maso. Ngati pali zithunzi za shopu itasefukira kapena kalata ya amfumu kaya ya khonsolo ya nthawi imeneyo, ikani pamodzi. Ndipo muwalembere kalata lisanafike tsikulo, kufotokoza zomwe zilipo ndi zomwe zinawonongeka, ngati nthawi yachepa mupemphe masiku owonjezera, molemba, osati pakamwa.

Chomwe ndikukuletsani ndi mtima wonse ndi kukagula buku la marisiti nkukhala usiku kulemba marisiti abodza a 2022 ndi bolopeni imodzi. Amazidziwa zimenezo, inki yatsopano pa deti lakale, manambala otsatana bwinobwino ngati ana a sukulu pa mzere. Kulakwitsa masamu kuli ndi chilango chake cha ndalama, koma kunama dala ndi mlandu wina waukulu, ndipo ukagwidwa pa risiti imodzi sakhulupiriranso olo zoona zomwe.

Ngati mukudziwa mumtima kuti pali chaka chomwe munachepetsa, uzani akauntanti wanu zoona zokhazokha. Ndipo inde, pa oditi ya zaka zitatu pezani akauntanti wovomerezeka, wa m'kaundula wa ICAM, bungwe la ma akauntanti, osati mnyamata wa pa kafe amene amadzaza mafomu a aliyense. K400,000 mumafuna kuponya m'madzi ija ilipireni ameneyo.

Akamaliza amakuuzani zomwe apeza ndipo mumapatsidwa mpata woyankha. Musasayine pepala lomwe simunalimvetse chifukwa choti mwatopa kapena mukufuna achoke, pemphani kope mukawerenge kunyumba. Akakutumizirani chigamulo cha ndalama yoti mulipire ndipo simukugwirizana nacho, muli ndi masiku 30 olembera Commissioner General, mkulu wa MRA, kutsutsa, mofotokoza zifukwa ndi umboni, masikuwo akadutsa chitseko chimavuta kutsegula. Akakana, malamulo a 2021 anakhazikitsa Revenue Appeals Tribunal, bwalo lomvera madandaulo a zamsonkho, nkhani ikhoza kupita kumeneko. Ngati ngongoleyo ndi yoona koma ndi yolemera, pemphani kulipira pang'onopang'ono, amamva bola upite wekha usanayambe kusakidwa. Kuthawa ndiye koipitsitsa, chiwongoladzanja chimangokwera inu muli ku Joni, ndipo ali ndi mphamvu yotenga ndalama ku akaunti yanu ya kubanki kapena kwa omwe ali ndi ngongole yanu.

Mukapulumuka apa, mapepala a bizinesi muzisunga zaka zosachepera 6, m'chidebe chotseka, pamwamba, ndipo marisiti a makina aja muziwajambula pa foni poti amafufutika okha pakangotha miyezi.

FUNSO: Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi pa msika wa Bvumbwe ndipo tsiku lililonse ndimadula tikiti. Nde a MRA akundifunanso chani, si msonkho womwewo?
Mtsikana wa pamsika, Bvumbwe

YANKHO: Ayi chemwali, ndi ziwiri zosiyana. Tikiti ya pamsika imapita ku khonsolo, ndi yolipirira malo omwe mwayalapo, yosesera ndi zimbudzi, kaya akusesadi kaya ayi imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. MRA imatolera za boma lalikulu. Koma mtima ukhale m'malo, geni yaing'ono ngati yanuyo, yomwe phindu lake pachaka silifika pa mzere wosadulidwa uja, ilibe msonkho wa pa phindu woti mulipire. Ikadzakula nkuyamba kutumiza matomato pa lole ku Blantyre mudzandilembere, pali msonkho wina wa mabizinesi ang'onoang'ono wongolipira ndalama yokhazikika malinga ndi zogulitsa za pachaka, tidzakambirana umenewo.

FUNSO: Ankolo, ndinalembetsa kampani mu 2021 kuti ndizipeza ma tenda a boma koma sindinapezepo olo imodzi, kampaniyo inangofera mu chikwama. Pano ndapeza mwayi wosapulaya mchenga ndi njerwa pa ntchito ina ku Goliati koma akufuna tax clearance. Ndipanga bwanji poti sindinagulitsepo kanthu?
Kontirakitala wa m'chikwama, Thyolo

YANKHO: Kkkk dzina mwadzipatsalo landiseketsa, koma muli ambiri. Kampani ikagona, kaundula wa msonkho sagona nawo. Olo simunagulitse kanthu mumayenera kumapereka return yolemba ziro chaka chilichonse, kapena kuwalembera kuti bizinesi yaima. Nde pitani msanga, mukapereke ma return onse a m'mbuyo, mutenge sitetimenti ya kubanki ya kampaniyo yosonyeza kuti simunalowe kanthu, ngati munalibe akaunti nkomwe mukanene choncho molemba. Za chilango chochedwera akakuuzani komweko, ndipo mukhoza kulemba kalata yopempha kuti akuchepetsereni pofotokoza kuti kampani sinagwirepo ntchito. Tax clearance, satifiketi yosonyeza kuti za msonkho zanu zili bwino, imatuluka mbiri ikayera, nde musadikire kuti tenda itseke mawa ndiye muziyamba kuthamanga lero. Ndipo wina akakuuzani kuti akupangirani satifiketiyo pa kompyuta yake ndi K50,000, dziwani kuti omwe akukupatsani ntchitowo amatha kuitsimikiza ku MRA, ikapezeka yabodza mwataya ntchito ya ku Goliati ndi dzina la kampani lomwe.

Alimi a tiyi a m'makalabu a ku Mulanje omwe munafunsa za zomwe zimadulidwa pa ndalama ya masamba, makalata anu ndawaona, koma ambiri simunatumize kapepala kolipirira, nde sindingathe kusiyanitsa kuti apa ndi ngongole ya feteleza, apa ndi ya bungwe, apa ndi msonkho. Jambulani kapepalako, bisani dzina ndi nambala, mutumize, tidzakasanthula mzere ndi mzere mwezi wamawa.